Wakuba Amene Anasiya Mbewu ya Mbatatesi

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene Gracinda anagwira ntchito ya upolisi ku Domwe, anaona akuba amitundumitundu. Anaonapo wina atabereka mbuzi kumbuyo ndi chitenje ngati mwana, n'kumayiimbira kanyimbo podutsa pamsika. Winanso anaba chitseko cha chimbudzi, mawa lake n'kubwerera kudzatenga mahinjesi. Koma wakuba wobwera ndi katundu wake n'kumusiya pamalo pamene waba, ameneyo anali asanakumane naye kufikira Lolemba limenelo m'mawa.

Thumba linali pakati pa chipinda, lodzaza theka, lomangidwa kukamwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Chipindacho chinali cha pasukulu, koma aphunzitsi aakulu anachibwereketsa kwa Hortência, mwana wa konko amene anapita ku Maputo kukaphunzira za mankhwala n'kubwerako ndi mabokosi a timabotolo. Anthu ankamutchula kuti dotora ngakhale mwini wake ankakana kuti sanafikepo. Mmawa umenewo anali ataima pafupi ndi zenera, manja atawapinda pachifuwa, nkhope ili gwaa.

"Chasowa n'chiyani, dotora?" anafunsa Gracinda.

"Garafa imodzi, shefe," anayankha Hortência, pomutchula monga anthu a konko amatchulira apolisi. "Botolo lagalasi la lita imodzi."

Gracinda anamwaza maso. Kompyuta inali patebulo, batire la sola lili pakona, sikelo yonyezimira ili pamalo pake. Chitseko sichinathyoledwe.

"Ndiye kuti garafayo ndi yamtengo wapatali kuposa zonsezi?"

"Ayi. Yamtengo wapatali ndi iyo," anatero Hortência akuloza kabotolo kosatsegula pashelefu. "Imene atengayo ndi ya zotaya. Zinyalala zenizeni."

Gracinda anakoka mpando n'kukhala. Milandu ya ku Domwe nthawi zambiri inkatha isanayambe, poti wakuba nkhuku amapezeka ali ndi nthenga pamalaya. Mlandu wopanda mutu ngati uwu unkamukomera kuposa tiyi wamkaka, ndipo sanabise.

"Tandionetsani ntchito imene mumagwira muno. Muyankhule ngati mukuuza mayi wogulitsa tomato."

Hortência anatenga kabotolo ka madzi otuwira chikasu. Anafotokoza kuti mankhwala opha tizilombo, aja anthu amamwa m'makapusozi ndi kubaya ziweto, sathera m'thupi. Amatuluka ndi mkodzo, mvula n'kuwakokolola m'makola mpaka kumtsinje. Tizilombo tikamawamwa pang'onopang'ono chonchi timawazolowera, ndipo tsiku limene munthu wadwaladi, mankhwala aja sagwiranso ntchito.

"Tsono ine ndikuyesa njira yowachotsera m'madzi. Onani ichi." Anathira timadontho ta chinthu cholemerera ngati mafuta ophikira. "Uwu ndi mchere."

"Mchere wanji woyenderera?"

"Ndi mchere umene suuma. Umakhala wamadzimadzi choncho, ngakhale kuzizire ngati mu Juni. Umakonda kugwirana ndi mankhwala aja kuposa mmene madzi amawagwirira."

Anawonjeza kaufa koyera, n'kutseka, n'kukhutchumula. Gracinda anasendeza nkhope pafupi. Poyamba zonse zinachita mbuu, kenaka zinayamba kupatukana zokha pang'onopang'ono. Pansi panatsala madzi oyera mbee, pamwamba panayandama mzere wachikasu wokhuthala.

"Chikasu chonse chakwera!" anatero Gracinda, atayiwala zoti ndi wapolisi.

"Mankhwala ndi amenewo. Ndimayengula pamwambapo n'kuthira m'garafa imene yabedwayo, kuti ndikapite nazo ku Maputo. Sizotaya pansi."

"Munthu atamwa?"

Hortência anaika kabotolo kaja patebulo. "N'chifukwa chake ndakuitanani, shefe. Garafayo sindikuyilira. Mcherewu ndi poizoni. Ungaotche m'mimba, ungawononge chiwindi ndi impso."

Gracinda anafunsa kuti ndani ankadziwa za garafayo. Yankho linali loti mudzi wonse. Lachisanu lapitalo Hortência anaitana anthu pabwalo la sukulu kuti aone ntchito yake. Popeza mankhwala a mumtsinje ndi ochepa moti saoneka ndi maso, iye ankasungunula makapusozi m'madzi poyesera, ndipo tsiku limenelo anakweza garafa ija m'mwamba n'kuuza anthu kuti mmenemo munali mankhwala okwana makapusozi mazana atatu. Anthu anaomba m'manja.

"Munawauza kuti ndi poizoni?"

"Ndinalemba papepala lomata pagarafapo."

"M'chinenero chanji?"

"M'Chipwitikizi."

"Dotora, theka la akuluakulu a kuno anaphunzira kuwerenga ku Malawi nthawi yothawa nkhondo. Nanga alipo amene anafunsa funso?"

Hortência anaganiza pang'ono. "A Martinho, obaya ng'ombe aja. Anafunsa ngati ndi mankhwala omwewo amene amabaya ziweto. Ndinati inde, ndi omwewo."

Gracinda anagwada n'kumasula mphira ya pathumba. Mfundo yake inali ya anthu onyamula katundu panjinga, ija yopinda kawiri yomasuka ndi dzanja limodzi. M'thumbamo munali mbatatesi zing'onozing'ono zofiira, zowazidwa phulusa, iliyonse itatuluka timphukira. Gracinda anali mwana wa mlimi, ndipo anazizindikira nthawi yomweyo. Izi sizinali mbatatesi zodya. Inali mbewu, yosungidwa miyezi itatu, ndipo uwu unali Meyi, mwezi wobzala kudimba.

"Munthu uyu sakudziona ngati wakuba," anatero. "Wasinthanitsa. Ndipo wapereka chinthu chimene mlimi sapereka pokhapokha zitamuthina."

* * *

A Josias, alonda a pasukulu, anawapeza akuothera dzuwa kuseri kwa ofesi. Ataona yunifolomu anadzuka n'kuvula chipewa, pakamwa patayamba kale kuyenda.

"Shefe, ine makiyi sindisiyana nawo. Ndimadya nawo, ndimasamba nawo, ngakhale kumaliro ndimapita nawo. Mulungu ndi mboni. Chipinda cha a dotora sindinatsegule chitsekereni Lachisanu."

"Dzulo kunali mapemphero pano?"

"Eee, mpingo wathu umabwereka sala yophunziriramo yoyamba ija Lamulungu lililonse. Dzulo ndiye kunali masika. Anthu anabwera ndi chimanga, nyemba, maungu, moti malo anachepa."

"Anthu ochuluka choncho anakhala pati?"

"Pamabenchi, shefe."

"Mabenchi a m'sala imodzi anakwanira?"

A Josias anayang'ana chipewa chawo ngati chalembedwa yankho. Kenaka anavomera kuti mabenchi ena anayi amasungidwa m'chipinda cha dotora, ndipo iwo anatsegula kwa kanthawi kochepa chabe, kanthawi kosakwana kuphika phala. Atapanikizidwa, kanthawi kaja kanatalika mpaka kufika maola atatu, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka pemphero lotsekera.

"Munaona wina akulowamo ndi thumba?"

"Shefe, tsiku la masika aliyense amakhala ndi thumba. Ngakhale abusa anali nalo lawo."

"A Martinho analipo?"

"Amenewo? Tchalitchi amachidziwira kunja basi."

Gracinda anawasiya akulumbirabe. Analiza mota yake, njinga yamoto, n'kuuza Hortência kuti akwere kumbuyo, poti iye yekha ndiye akanaizindikira garafa ija.

* * *

A Martinho anali m'khola lawo kutsidya la msewu wa ku Kalomwe, akutsuka bala la ng'ombe yokoka ngolo. Anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene ankayankhula ndi anthu mofanana ndi mmene ankayankhulira ndi ng'ombe. Gracinda atangotchula za garafa ija, iwo anadzuka mwaukali.

"Ine kuba mankhwala? Mwandinyoza, mayi! Dzulo ndinali ku Kalomwe kuyambira m'mawa. Anzanu a pamalire anandiimika maola awiri chifukwa cha mapepala a ng'ombe. Kawafunseni, sangandiiwale, ndinawalalatira mokwanira. Ndiponso ndibe chifukwa chiyani? Anga ndi awa."

Anatsegula kabokosi kathabwa n'kutulutsa botolo la mankhwala obaya ziweto. Gracinda analikweza kudzuwa n'kulipendeketsa. Zam'katimo zinali zachikasu, zokhuthala, zoyenda mwaulesi m'mbali mwa galasi. Anatembenukira kwa Hortência.

"Zinyalala zanu zija zimaoneka bwanji pafupi ndi izi?"

Hortência anagwira pakamwa. "Sindikanatha kusiyanitsa, shefe."

Apa Gracinda anaona kumene nkhani ikulowera. Aliyense amene anakula ndi ng'ombe m'dera lino la Angónia amaudziwa mtundu umenewo. Wakubayo sanatenge garafa kuti amwe, anaitenga kuti abaye. Anasuzumira m'kabokosi muja. Munali thonje, masingano akuluakulu atatu, ndi kansalu kopindidwa kopanda kanthu.

"Siringa yanu yobayira ili kuti?"

"Wabwereka Policarpo m'mawa uno, dzuwa likungotuluka. Uja amanyamula matumba panjinga kupita kumalire. Dzulo anabwera koma sanandipeze. Akuti mbuzi yake yadwala."

"Mankhwala munamupatsa?"

"Akuti ali nawo kale. Anangofuna siringa ndi masingano awiri, ina yaikulu, ina yaing'ono ija ndimabayira ana a nkhumba. Anafunsanso kuti mbuzi ya makilu makumi awiri imabayidwa mizere ingati. Ndinati mizere iwiri, mzere umodzi pa makilu khumi. Mwana wa sukulu angadziwe zimenezo."

"A Policarpo ali ndi mbuzi zingati?"

A Martinho anakwinya nkhope. Iwo ankadziwa chiweto chilichonse kuyambira pamsika mpaka kumapiri, ndipo Gracinda anawaona akuwerenga makola m'mutu mwawo, limodzi limodzi.

"Alibe," anatero motsitsa mawu. "Zinatha ndi matenda chaka chatha. Ndinakazikwirira ndine."

"Nanga pakhomo pawo pali chiyani cholemera makilu makumi awiri?"

Thonje linagwa m'manja mwa a Martinho.

"Dulce," anatero. "Kamtsikana kake. Kanadzitema ndi khasu kudimba masabata awiri apitawo."

* * *

Njira yopita kwa Policarpo inkadutsa m'madimba, ndipo Gracinda anaithamanga ngati msewu wa phula. Hortência anamugwira m'chiuno mwamphamvu, akulira mosatulutsa mawu. Chidwi chonse chimene Gracinda anali nacho m'mawa chinali chitasanduka mantha. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo, ndipo siringa inali itachoka kwa a Martinho maola asanu apitawo.

Pakhomopo panali zii. Njinga yokhala ndi kaliyala wachitsulo inali itatsamira khoma. Pakhonde panali mphasa, ndipo pamphasapo panagona mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, mwendo wamanzere utatupa kuyambira kuphazi mpaka m'bondo, utakulungidwa nsanza. Mayi ake, Amélia, anakhala pambali akumuingitsira ntchentche. Policarpo anali pampando wathabwa, mwendo umodzi atautambasula, maso ali pa kamtengo kozikidwa pakati pa bwalo. Pafupi naye panali mbale yovundikiridwa ndi kansalu, ndipo pansi pa mpando panali garafa yachikasu.

Gracinda sanapereke moni, chinthu chimene mayi ake akanamukalipira nacho.

"Mwamubaya mwanayu?"

"Takulandirani, shefe," anatero Policarpo modekha. "Sitinamubaye. Nthawi sinakwane."

Hortência anakhala pansi pafumbi pomwepo. Gracinda anavundukula mbale ija. Siringa inali mmenemo, singano yaing'ono itaikidwa kale, mankhwala achikasu atafika pamzere wachiwiri. Anaitenga n'kuiika m'thumba la malaya ake.

"Nthawi yanji imene mukudikira?"

Anayankha ndi Amélia, osadzutsa mutu. "Ndinawakaniza ine. Ndinati mankhwala achilendo amayamba ndi wopereka. Ngakhale asing'anga amalawa kaye asanamwetse mwana wa munthu. Ndiye tinapangana kuti chithunzithunzi cha kamtengoko chikalowa pansi pake iwo ali bwinobwino, amubaye."

Gracinda anakumbukira singano yachiwiri ija, yaikulu. Anamuyang'anitsitsa Policarpo. Kunkawomba kamphepo kozizira ka m'mapiri, koma thukuta linali kamukamu pamphumi pake, ndipo zala zake zinali zitakanirira m'mphepete mwa mpando.

"Mizere ingati, bambo?"

"Isanu ndi umodzi. Ndimalemera makilu makumi asanu ndi limodzi. Ndinadziyeza pasikelo ya mbatatesi."

"Mukumva bwanji?"

"Bwinobwino. Kungoyabwa pang'ono."

"Taimirirani."

Policarpo anamwetulira ngati wauzidwa zachibwana. Anatsamira manja pampando, n'kudzuka theka, kenaka anabuula n'kugwera chammbali. Gracinda anamugwira, n'kupinda kabudula wake. Ntchafu yamanja inali itatupa, yolimba ngati dzungu, pakati pake pali bwalo lakuda lotentha. Amélia anakuwa.

"Munati sizikupweteka! Mmawa wonse mwakhala mukundinamiza! Mukanamubaya mwanayu!"

"Ndimati mwina ndi mmene amagwirira ntchito," anatero Policarpo, mano atalumana. "Ng'ombe nazonso zimatupa pobayapo."

Gracinda anaimba foni kuposto ya apolisi n'kuitanitsa galimoto. Atatha anakhala pansi pafupi ndi munthu uja. Mkwiyo anali nawo, koma sunkapeza poima.

"Bwanji simunapite naye kuchipatala?"

"Tinapita. Anamwino anatsuka bala, n'kunena kuti lalowa m'kati, tipite naye kuchipatala chachikulu cha kutauni, ku vila. Anati tikachedwa akadula mwendo." Anapuma kaye. "Shefe, ife titabwerako ku Malawi, ababa anga anaponda bomba m'munda mwathu momwe. Kuchipatala anapita ndi miyendo iwiri, umodzi wophwanyika, anabwerako ndi umodzi. Ndinawanyamula panjinga zaka khumi ndi chimodzi, kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kuthengo. Mwana wanga sindifuna ndidzamunyamule choncho. Ndiye Lachisanu ndinamva a dotora akuti m'garafamo muli makapusozi mazana atatu, a Martinho n'kufunsa, iwo n'kuvomera kuti ndi omwewo. Ndinati Mulungu wandiona."

Anatembenukira kwa Hortência. "Sindinabe, dotora. Ndinasiya mbewu yanga yonse. Koma tandiuzani, munanama? Mulibe mankhwala mmenemo?"

"Alimo, bambo," anatero Hortência, misozi ili mbwembwembwe. "Sindinaname. Koma agwirana ndi mchere uja, ndipo mcherewo ndi umene ukukuotchani. Ndinayenera kunena pamaso pa anthu onse, m'Chinyanja. Wolakwa ndine."

"Nanga mwendo wangawu utani?"

"Sindikudziwa. M'mabuku onse amene ndinawerenga mulibe munthu amene anadzibayapo."

Policarpo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wamva mtengo wa katundu umene ankauyembekezera. Patali panamveka kulira kwa galimoto ikulimbana ndi mabampu a m'madimba.

"Ine nditengeni, shefe. Kaya kuchipatala, kaya kundende. Koma mwanayu asiyeni pano."

"Bambo, anamwino sananene kuti akadula," anatero Gracinda. "Anati mukachedwa. Lero ndi tsiku lachingati chinenereni?"

"Tsiku lachisanu ndi chimodzi."

"Ndiye amene akuudula mwendowu si adotolo. Akuudula ndi masiku amene mwanayu akugona pamphasapa. Lamulo limandilola kumunyamula inu musakufuna, ndipo ndichita zimenezo ngati mundikakamiza. Koma ndikufuna apite bambo ake atavomera."

Policarpo anayang'ana ntchafu yake, n'kuyang'ana mwendo wa mwana wake. Amélia anali atatenga kale chitenje, koma anaima nacho m'manja, akudikira mawu a mwamuna wake.

Dulce, amene aliyense ankayesa kuti ali m'tulo, anadzutsa mutu pamphasa paja. Maso ake anali ofiira ndi kutentha kwa thupi, koma anali atamva zonse.

"Ababa," anaitana ndi mawu aang'ono. "Akakudulani mwendo, azikunyamulani panjinga ndani?"

Policarpo anabisa nkhope m'manja. Mapewa ake anagwedezeka kwa nthawi ndithu. Kenaka anapukuta maso ndi mkono wa malaya, n'kukwawa mpaka pamphasa, n'kugwira kadzanja ka mwana wake.

"Iweyo, mayi wanga," anatero. "Uzidzapalasa ndiwe. N'chifukwa chake tikupita kukapoletsa mwendo wakowo. Amélia, m'bereke mwana."